Tsoka la m'Fakitale Limanunkha

Mvula ikatha, thonje n'kuyera m'minda ya ku Katete ndi ku Sinda, ntchito imasamuka. Imachoka kumunda n'kupita kumashedi, kuzigayo, kumakina ofinya mafuta a mpendadzuwa ndi kumafakitale ochotsa njere za thonje. Alimi ambiri achinyamata, kuphatikizapo ena amene anaphunzira pamalo athu ano, amapachika khasu kwa miyezi ingapo n'kukalembedwa ntchito ya nyengo yokolola. Ena sapita kukalembedwa kwa munthu. Iwo eni agula chigayo kapena makina osenda nshawa, paokha kapena kudzera m'kopaletivu, ndipo tsopano ali ndi anthu awiri kapena atatu owagwirira ntchito. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, magulu ambiri apeza mpata wogula makina otere.

Onsewa alowa m'ntchito imene ili ndi malamulo ake ndiponso munthu amene boma linamuika kuti aziona ngati malamulowo akutsatidwa. Munthuyo ndi woyendera mafakitale, amene ambiri amangomutcha inspekitala. Oyenderawa ndi ochepa ndipo dziko ndi lalikulu. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Katete ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, ndipo Vubwi, amene wachita malire ndi Malawi ndi Mozambique, ali patali kuposa pamenepo. Chigayo cha pamudzi chikhoza kugaya zaka zambiri woyendera asanapondepo phazi. Koma zimene iye amayang'ana si zachinsinsi, ndipo mlimi aliyense angathe kuziphunzira. Akale anati tsoka silinunkha. Pa makina mwambiwu sugwira bwino, pakuti ngozi zambiri zimayamba zaonekera kwa masabata kapena miyezi: lamba wopanda chotchinga, waya wosupuka, khomo lotsekeka ndi matumba. Chimene chimasowa ndi munthu wodziwa kuona.

Fakitale n'chiyani pamaso pa lamulo?

Tikamva mawu akuti fakitale timaganiza za nyumba zazitali za ku Lusaka kapena ku Ndola. Lamulo la Factories Act, limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ndi mutu 441 wa malamulo a Zambia, lili ndi tanthauzo lotakata kuposa pamenepo. Limanena za malo alionse pamene anthu alembedwa ntchito yamanja yopanga, kusintha, kukonza kapena kukonzekeretsa katundu kuti agulitsidwe, ndi cholinga cha malonda. Tanthauzo lotere limafika ngakhale pa kanyumba ka njerwa kamene muli chigayo ndi mnyamata wolipidwa pamwezi. Mwini wake angadzitche mlimi, koma akuyendetsa fakitale.

Oyendera mafakitale ali pansi pa nthambi ya Occupational Safety and Health Services mu unduna woona za ntchito. Lamulo limawapatsa mphamvu yolowa m'fakitale, kuyang'ana makina, kuitanitsa mabuku ndi ziphaso, ndi kufunsa antchito. Lamulo lomwelo limafuna kuti fakitale ilembetsedwe, kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, kuti pakhale mpweya wabwino, kuwala kokwanira, zimbudzi, madzi akumwa ndi bokosi la chithandizo choyamba.

Mu 2010 panabwera lamulo lina, Occupational Health and Safety Act, limene linanena za malo onse a ntchito. Linalamula kuti wolemba anthu khumi kapena kuposerapo akhazikitse komiti ya zaumoyo ndi chitetezo, yokhala ndi oimira abwana ndi oimira antchito mofanana, ndiponso kuti zovala zodzitetezera azigula ndi wolemba ntchito. Lachitatu ndi Workers' Compensation Act la mu 1999, limene limayendetsa thumba la chipukuta misozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Likulu la thumbali lili ku Ndola, ndipo amene amasonkha ndi olemba ntchito okha. Ndalama imeneyi siidulidwa pa malipiro a wantchito.

Malamulo ameneŵa sanabwere mwachisawawa. Ntchito yoyendera mafakitale inayambira pa thonje lomweli. Ku Britain, mu 1833, boma linaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale oomba nsalu, ndipo linasankha oyendera anayi okha kuti aziona dziko lonse. Kwathu kuno, mu April 2005, fakitale yopanga mabomba ophwanyira miyala ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika n'kupha antchito oposa 40, ambiri a iwo achinyamata. Mu 2013 Zambia inavomereza mapangano a bungwe la ILO onena za kuyendera malo a ntchito ndi chitetezo cha antchito, ndipo chaka chilichonse pa 28 April dziko limakumbukira nkhaniyi pamodzi ndi maiko ena.

Kuyenda naye m'fakitale ya thonje

Kuti timvetse kaonedwe ka woyendera, tiyeni timutsate m'fakitale yochotsa njere za thonje, monga zimene zakhala zikugwira ntchito m'chigawo chathu kuyambira nthawi ya Lintco, kampani ya boma imene inagulitsidwa mu 1994.

Iye sayamba ndi makina. Amayamba ndi mabuku. Amafuna kuona chiphaso cholembetsera fakitale, buku lolembamo ngozi, ndi malipoti osonyeza kuti matanki a mpweya wopanikizidwa ndi zonyamulira katundu wolemera zinayesedwa ndi munthu wodziwa. Buku la ngozi lopanda kanthu silimukondweretsa msanga. Pamalo pamene anthu ambiri amagwira ntchito usana ndi usiku, kusalembedwa kwa bala ngakhale limodzi kumasonyeza kawirikawiri kuti anthu amaopa kunena.

Kenaka amatsata njira ya thonjelo. Pabwalo amaona mmene malole ndi anthu oyenda pansi amapatukirana, ndi mmene matumba aunjikidwira. Mulu wautali wopendekeka ukhoza kugwera munthu. Mkati, thonje limakokedwa ndi mphepo m'mapaipi, limadutsa m'makina oyeretsa, n'kufika pa macheka ambiri ozungulira mothamanga amene amalekanitsa ulusi ndi njere. Apa ndiye pamene manja amathera. Thonje likatsekereza, wantchito wofuna kuti ntchito isaime amalowetsa dzanja makina akuyenda, kapena amazimitsa koma mnzake, posadziwa, n'kuyatsanso. N'chifukwa chake woyendera amafunsa funso limodzi lofunika: makina akamakonzedwa, ndani amasunga kiyi? M'fakitale yoyendetsedwa bwino, wokonza makina amazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, amakhomapo loko wake, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Palibe angayatse mpaka iye atatuluka.

Kumapeto kuli makina otsindira ulusi kukhala mabelo olemera pafupifupi makilogalamu 200 lililonse. Woyendera amaona ngati chitseko chake chimaimitsa makina chikatsegulidwa, ndi mmene mabelo amasunthidwira. Amaonanso za moto. Thonje limayaka msanga, ndipo kamoto kobisika mkati mwa belo kakhoza kunyeka mwakachetechete kwa maola ambiri kasanaonekere. Amawerenga zozimira moto ndi kuona tsiku limene zinayesedwa komaliza, amayesa ngati madzi akutuluka m'mipopi, ndipo amakankha yekha chitseko chothawira kuti aone ngati chikutseguka. Mu 1911, mumzinda wa New York, antchito 146 a fakitale yosoka zovala anafa pa moto, ambiri chifukwa zitseko zinali zokhoma. Kuchokera nthawi imeneyo, khomo lothawira ndi chinthu chimene woyendera aliyense salephera kuyang'ana.

Pano pali mfundo imene imakhudza mlimi ngakhale amene sadzalowa m'fakitale. Mwala, msomali, kachitsulo kapena machesi zikalowa m'thumba la thonje kumunda, zimakafika pa macheka aja. Chitsulo chikagunda chitsulo pamatuluka nthethe, ndipo nthethe imodzi m'paipi yodzaza ulusi ndi yokwanira. Mchenga umene ena amathira kuti thonje lilemere pa sikelo umasanduka fumbi limene wina adzapume. Wopumayo akhoza kukhala mwana wa mlongo wanu amene walembedwa ntchito chaka chino. Thonje loyera ndi nkhani ya mtengo wabwino, komanso ndi nkhani ya moyo wa anthu.

Adani osathamanga: fumbi ndi phokoso

Ngozi ya lamba imachitika m'kuphethira kwa diso ndipo aliyense amaiona. Fumbi ndi phokoso zimawononga pang'onopang'ono, ndipo munthu amazindikira papita zaka. Fumbi la thonje limayambitsa nthenda ya m'mapapo yotchedwa byssinosis. Chizindikiro chake choyamba n'chodziwika bwino: chifuwa chimathina ndipo mpweya umaperewera pa tsiku loyamba lobwerera kuntchito munthu atapuma, kenaka zimachepa sabata ikamapita. Zaka zikamadutsa, kuthinako kumafalikira masiku onse. Fumbi la ufa ndi la mbewu nalo limayambitsa chifuwa cha mphumu. Woyendera amayang'ana pamwamba pa mitanda ya denga ndi pa mawaya. Fumbi likaunjikana pamenepo, ndiye kuti makina okoka fumbi sakugwira bwino, ndipo palinso chiopsezo china, pakuti fumbi la ufa likachuluka mumpweya m'chipinda chotsekeka likhoza kuyaka mophulika.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti kumwa mkaka kumatsuka fumbi m'chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, pomwe fumbi limapita m'mapapo. Kansalu komanga pamphuno nakonso kamangogwira fumbi lalikulu, pamene losaoneka ndi maso, limene ndi loopsa koposa, limadutsa. Chofunika ndi chophimba pakamwa ndi pamphuno cha mtundu wa N95 kapena FFP2, chogwira bwino nkhope, ndipo chisinthidwe chikada.

Phokoso limayezedwa m'madesibelo. Muyezo umene maiko ambiri amatsata ndi wakuti madesibelo 85 kwa maola 8 ndiwo malire, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka. Woyendera amanyamula kachipangizo koyezera, koma inu muli ndi muyezo wanu. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima patali ngati kutalika kwa mkono akumveni, phokosolo lafika poopsa. Ngati madzulo m'makutu mukulira, kapena mawu a anthu akumveka ngati akutali, khutu layamba kuvulala. Kugontha kobwera ndi phokoso sikuchira. Timapulagi ta m'makutu n'totsika mtengo kuposa thini limodzi la chimanga chogayitsa kangapo, koma m'zigayo zambiri simutipeza.

Chigayo cha pamudzi

Tsopano tichoke m'fakitale yaikulu, tibwere kumene ambiri a inu muli ndi ulamuliro. Imani pakhomo la chigayo chanu kapena cha kopaletivu yanu, muyang'ane monga mlendo amene sanazolowere malowo.

Yambani ndi lamba wochokera ku injini kapena ku mota. Kodi ali ndi chotchinga cha waya kapena cha lata? Nthawi zambiri chotchingacho chinabwera ndi makina, koma chinachotsedwa tsiku lina posintha lamba ndipo sichinabwezedwe. Lamba ndi shafiti yozungulira zimakoka chilichonse cholendewera: nsonga ya chitenje, duku, mkono wa malaya, chingwe cha thumba. Zikakoka nsalu zimakoka ndi munthu yemwe. Amene amabwera kudzagayitsa ndi amayi ndi ana, ndipo saphunzitsidwa za makina. Pakhale mzere kapena kampanda kosonyeza pamene ogayitsa ayenera kuima, ndipo ana asaloledwe kudutsa. Mwana wosakwana zaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoyendetsa makina oopsa, ngakhale akhale wa m'banja mwanu.

Onani pothirira chimanga. Ngati dzanja lingafike pa nyundo zozungulira mkati, pakufunika kukonza. Chimanga chikatsekereza, kapena pofuna kusintha sefa, makina azimitsidwe ndipo mudikire mpaka ataima kwathunthu, chifukwa nyundo zimapitiriza kuzungulira injini itazima kale. Pa makina ofinya mafuta lamulo ndi lomwelo: chala sichikankha mpendadzuwa pa mtondo wozungulira. Gwiritsani ntchito kamtengo.

Onani utsi. Injini ya dizilo kapena ya petulo yoyaka m'chipinda chopanda mazenera imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo ukhoza kupha. Paipi ya utsi ituluke kunja kwa khoma, kutali ndi pamene anthu amakhala podikira. Zigubu za mafuta zisungidwe m'chipinda china. Ngati chigayo ndi cha magetsi, yang'anani mawaya olumikizidwa ndi mapepala a pulasitiki, bokosi la switchi losatseka, ndi waya wopita pansi woteteza kugwidwa ndi magetsi. Izi zikonzedwe ndi munthu wophunzira ntchito ya magetsi. Pomaliza funsani kuti: china chake chitalakwika, switchi yozimitsira ili pati, ndipo ndani winanso amaidziwa kupatula woyendetsa?

M'shedi ndi kumigodi

Malo osungira mbewu ali ndi zoopsa zake. Mapiritsi ofukizira anankafumbwe, opangidwa ndi aluminium phosphide, akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine. Nthawi zina umamveka ngati fungo la adyo kapena nsomba yowola, koma mphuno si yodalirika, ndipo mpweyawu umadutsa m'ming'alu ya khoma. Mankhwalawa ndi a anthu ophunzitsidwa okha, ndipo asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yogonamo anthu kapena yogundana ndi chipinda chogona. Bungwe la ZEMA ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala a mbewu ndi ofukiza. Woyendera akalowa m'shedi amaona ngati mankhwala ali m'zotengera zake zolembedwa, m'chipinda chokhoma, kutali ndi chakudya. Mankhwala othiridwa m'botolo la zakumwa ndi msampha wa mwana.

Ku Vubwi achinyamata ambiri amapita kokumba golide nthawi yachilimwe. Migodi ili ndi oyendera ake, koma phunziro la fumbi ndi lomwelo. Miyala ikamaphwanyidwa ndi kuperedwa youma imatulutsa fumbi la silika, limene limaumitsa mapapo ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Nthendayi, silicosis, ilibe mankhwala ochiza. Kunyowetsa miyala popera kumachepetsa fumbi kwambiri.

Choyamba n'chiti?

Anthu ambiri akamva za chitetezo amaganiza za majombo, ovolosi ndi chipewa cholimba. Woyendera amaziika zimenezi kumapeto. Iye amaganiza motsatana. Choyamba, kodi choopsacho chingachotsedwe? Kupeta chimanga ndi kuika maginito pothirira kumachotsa miyala ndi misomali zisanafike pa nyundo. Chachiwiri, kodi pali njira ina yosaopsa? Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amasunga chimanga popanda mankhwala. Chachitatu, kodi choopsacho chingatchingidwe kuti munthu asachifike? Apa ndi pa chotchinga lamba, paipi ya utsi ndi mazenera. Chachinayi, kagwiridwe ka ntchito: kuphunzitsa watsopano asanayambe, kusinthana kuti munthu asakhale pa phokoso tsiku lonse, kuletsa mowa, kupumula. Zovala zodzitetezera zimabwera pomaliza, chifukwa zimadalira kuti munthu akumbukire kuvala tsiku lililonse, ngakhale m'kutentha kwa October. Chotchinga chikamangidwa chimateteza aliyense, ngakhale wotopa ndi woiwala.

Maganizo ameneŵa ndi akale kwambiri. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, chinalamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga, ndipo mlandu wa munthu wogwa chinauika pa mwini nyumbayo. Udindo woyamba uli ndi mwini malo.

Ngozi ikachitika

Zimitsani makina musanakhudze wovulala. Ngati wagwidwa ndi magetsi, zimitsani pa switchi, musamukoke ndi manja. Pa bala lotaya magazi tsindikani mwamphamvu ndi nsalu yoyera ndipo musaleke. Popsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, muike m'pulasitiki, chikhale pozizira, chipite ndi wodwalayo. Dziwiranitu za galimoto imene mungaitane. Chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chakhala chikutumikira kuyambira mu 1948, ndi cha Nyanje ku Sinda zimalandira ovulala, koma mtunda wochokera kumidzi ndi wautali, ndipo zimene zachitika m'mphindi zoyamba ndizo zimapulumutsa.

Kenaka ngoziyo ilembedwe. Wantchito auze abwana ake msanga ndipo asunge makalata onse a kuchipatala. Lamulo la mafakitale limafuna kuti ngozi yopha munthu, kapena yomulepheretsa kugwira ntchito yake kupitirira masiku atatu, inenedwe kwa woyendera, ndipo wolemba ntchito adziwitsenso a thumba la chipukuta misozi. Musanavomere ntchito ya nyengo, funsani ngati dzina lanu lalembedwa m'buku la antchito ndiponso ngati kampaniyo inalembetsa ku thumbali. Kugwirizana pakamwa ndi kulandira kandalama kuti nkhani ithe kumaoneka ngati chifundo tsiku limenelo, koma dzanja loduka silibwerera, ndipo munda umafuna manja awiri chaka chilichonse. Amene waona choopsa pamalo a ntchito ayambe wauza kapitawo kapena komiti. Zikapanda kusintha, ofesi ya zantchito ya m'boma kapena ya ku Chipata ndiyo njira yofikira oyendera.

Kwa inu amene muli ndi makina, nyengo yogaya ndi yofinya isanafike pachimake, patulani m'mawa umodzi. Tengani kope ndi cholembera, muitane woyendetsa makina ndi mmodzi wa amayi amene amagayitsa kawirikawiri, pakuti iwo amaona zimene inu munazolowera. Yendani kuyambira pakhomo mpaka potulukira ufa, mulembe chilichonse chimene chingadule, kukoka, kutentha, kugwera munthu kapena kulowa m'chifuwa. Pa chilichonse lembani amene akonze ndi tsiku lake. Zambiri mudzapeza kuti zimafuna waya wa sefa, lata limodzi ndi mmisiri wowotcherera wa pamsika. Pakatha mwezi, tsegulaninso kopelo muone zimene zatsala.